Malata 17

Mvula yoyamba ya November 2024 inapeza denga la amai litatopa kale. Nyumba yathu ili ku Chilenje, imodzi mwa zija zakale za kanselo zimene anthu anagula nthawi ya a Chiluba. Usiku umenewo madzi analowa pa bedi, pa wadiropu, mpaka pa chithunzi cha malemu atate. M'mawa mwake ba sisi anandiimbira foni ndili ku studio.

"Iwe, zija ndalama. Nifuna 4 pin yanga na phindu yake. Tigule malata."

Ndinayankha kuti palibe vuto. Ndinafunsanso kuti akuyembekezera zingati. Anati K4,960. Anali atawerengera kale, ndipo anawerengera pa manambala amene ine mwini ndinali kuwatumizira pa WhatsApp mwezi ndi mwezi.

Ndiyambire kumbuyo. Ndisanayambe kuthandiza pa wailesi ya m'dera, kumene malipiro ndi zikomo ndi ndalama ya basi, ndinagwira nchito zaka 6 mu hadiweya ina m'tauni. Mu April 2023 boma linalola kuti munthu atapeko 20 peresenti ya ndalama zake za ku NAPSA asanapume pa nchito, ngati anasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45. Ine ndinali m'gulu la miyezi 60. Anzanga ena anagula mafoni, wina anamaliza malowolo, za wina zinathera ku betting mkati mwa sabata imodzi. Ine ndinafuna kuoneka wanzeru. Pa Chiwelu ndimakhala ndi pulogalamu ya achinyamata, ndipo ndinali nditakamba kangapo pa maikolofoni kuti ndalama iyenera kugwira nchito. Sindikanatha kudya zanga ndi nkhope imeneyo.

Choncho ndinatenga NRC yanga, ndinapita kwa broker, ndinatsegula akaunti yogulira mashea pa Lusaka Securities Exchange. Ambiri timaimva chabe pa nkhani, LuSE, osadziwa kuti munthu wa mu komboni angalowemo. Msika umenewu unayamba malonda mu February 1994, nthawi imene boma linali kugulitsa makampani ake. Muli makampani opitirira pang'ono 20, ndipo ambiri mumawadziwa chifukwa mumawapatsa ndalama tsiku ndi tsiku: Zanaco, Zambeef, Zambia Sugar, Airtel, Zambian Breweries, Chilanga Cement, CEC ya magetsi ku Copperbelt. Ukagula shea, wagula kachigawo ka kampaniyo. Amene ndinagula ine sindiwatchula, kuti mawa wina asati uja wa pa wailesi ndiye ananiuza. M'tebulo langa ndinawapatsa maina: ina Amalume, chifukwa ndinaona kuti idzandikumbuka, ina Mlamu, chifukwa sindinaidziwe bwino koma ndinaikhulupirira.

Mu June 2023 ndinagula mashea 1,000 a Amalume pa K3.00, ndi 1,500 a Mlamu pa K2.00. K3,000 uku, K3,000 uku. Pa risiti iliyonse panali K41 ya machaji a broker ndi a msika. Ndinaiona, ndinaiiwala.

Ma app ambiri amene ndinayesa amadziwa New York ndi Johannesburg, Lusaka saidziwa. Ndiye ndinapanga tebulo langalanga mu Google Sheets pa foni. Makolamu anali asanu: dzina, kuchuluka kwa mashea, mtengo wogulira, mtengo wa lero, phindu. Fomula yake mwana wa Grade 7 angaipange: mtengo wa lero kuchotsa mtengo wogulira, kuchulukitsa ndi mashea. Ndinaika kuti nambala ikakhala pamwamba pa ziro ikhale yobiriwira, ikakhala pansi ifiire. Madzulo alionse ndinali kukopera mitengo ndi manja. Ndivomere, kabokosi kobiriwira kaja ndinali kukatsegula ngakhale mu minibasi, nditapendeketsa foni pang'ono kuti wapambali aone.

Ba sisi anakaona mu February 2024. Amagulitsa salaula, ndipo mwezi umenewo ndiwo anali kulandira chilimba. Amalume anali atakwera kufika K4.00, Mlamu atatsika kufika K1.80. Iwo maso anagwera pa chobiriwira chabe.

"Tenga iyi 4 pin, ika pamodzi na zako. Ikakhala pa nyumba nizadya."

Mawu onse a pangano lathu ndi amenewo. Sitinalembe kanthu. Ndinagula mashea ena 1,000 a Amalume pa K4.00, ndipo K55 ya machaji ndinalipira kuchokera m'thumba langa. Ndinatsegula tebulo, pa kuchuluka kwa mashea ndinafufuta 1,000, ndinalemba 2,000. Kabokosi ka mtengo wogulira ndinakasiya pa K3.00.

Tsiku lomwelo phindu la Amalume linadumpha kuchoka pa K1,000 kufika K2,000, mtengo osasuntha ngakhale ngwee imodzi. Munthu woganiza akanaima pamenepo. Ine ndinamwetulira. Nambala ikakuluma umaifufuza mpaka usiku, koma ikakukomera sufunsa kumene yachokera.

Pofika November, Amalume anali pa K4.50, Mlamu pa K1.60. Tebulo linali kunena kuti Amalume atipatsa K3,000, Mlamu watidyera K600, phindu lonse K2,400. Ba sisi anati pa K10,000 yonse iwo anaika 4, ndiye magawo 4 mwa 10 a K2,400 ndi K960. Masamu awo anali olondola. Nambala imene ndinawapatsa ndiyo inali yabodza.

Chaka chimenecho mukuchikumbuka. Chilala, madzi kuchepa ku Kariba, magetsi kubwera maola ochepa pakati pa usiku ngati wakuba. Kunyumba foni inali yakufa, ndiye nditatseka pulogalamu ya madzulo ndinatsala ku studio kumene kuli sola. Ndinatulutsa marisiti onse atatu mu envulopu, ndinatenga pepala ndi bolopeni, ndinayamba kuwerengera ngati mmene ndinali kuchitira stoko ku hadiweya.

Pa Amalume ndinalipira K3,000 ndi K4,000. Zonse K7,000 pa mashea 2,000, kutanthauza K3.50 pa shea imodzi, osati K3.00. Pa K4.50, phindu ndi K2,000. K1,000 ija inali mphepo. Kuchotsapo machaji a K41 ndi K55, latsala K1,904. Mlamu anadya K600, kuonjezapo K41 yake, K641. Phindu lenileni la thumba lonse linali K1,263, pafupifupi theka la zimene ndinali kulengeza, ndipo machaji ogulitsira ndinali ndisanawawerengere.

Ndili pakati pofufuza mu sitetimenti ya ku banki, ndinapeza china chimene chinanditentha m'makutu. Pakati pa chaka Amalume anagawa dividendi, kandalama kamene kampani imapatsa eni mashea kuchokera pa phindu lake. Inali ngwee 15 pa shea. Pa mashea 2,000 ndi K300. Inalowa mu akaunti yanga, ndinaiona ngati mwayi, ndinagula mabando ndi makala. M'tebulo munalibe kolamu ya dividendi, ndiye sindinailembe paliponse. Theka lake, K150, linabadwa pa mashea ogulidwa ndi ndalama za ba sisi.

Apa ndiye panafika funso limene palibe pulogalamu ingakuyankhire: za ba sisi ndi zingati?

Njira yawo inapereka K4,960, koma inaima pa nambala yolakwika. Komanso inawapatsa gawo la phindu limene linabadwa iwo asanalowe, pamene Amalume anakwera kuchoka pa K3.00 kufika K4.00 ndi ndalama zanga zokha.

Njira yachiwiri inali kunena kuti ndalama zawo zinagula mashea 1,000 a Amalume, ndiye amenewo ndi awo, kukwera kwake ndi kwawo, dividendi yake ndi yawo, Mlamu sawakhudza. Pa K4.50 ndi K4,500, kuchotsa K62 yogulitsira, kuonjeza K150. Zikwana K4,588.

Koma panali njira yachitatu, ndipo ndi imene amagwiritsa nchito anthu osunga ndalama za gulu. Ba sisi anati "ika pamodzi na zako". Ngati ndi pamodzi, ndiye analowa m'thumba lonse, Amalume ndi Mlamu yemwe. Tsiku limene analowa, thumba linali la K6,700: Amalume K4,000, Mlamu K2,700. Iwo anaonjeza K4,000, linakhala K10,700. Gawo lawo ndi 37.4 peresenti, osati 40. Mu November thumba linali K9,000 ya Amalume, K2,400 ya Mlamu ndi K300 ya dividendi, zonse K11,700. Gawo lawo pamenepo ndi K4,374.

Ndinakhala ndikuyang'ana manambala awiriwo, K4,588 ndi K4,374, nthawi yaitali kuposa mmene ndingafunire kuvomera. Kusiyana kwake K214. Kwa wina ndi ndalama ya lanchi, kwa ine ndi basi ya masiku angapo. Ndipo njira yachitatu si yakuba ai. Ndikanatha kuiteteza pa wailesi ola lathunthu, womvera aliyense n'kuvomera. Mawu a ba sisi eni ake anali kumbali yanga. Iwo sakanadziwa kuti kuli njira ina.

Chimene chinandiletsa ndi funso limodzi chabe: Mlamu akanakhala kuti wakwera kawiri, kodi ndikanasankha njira iti? Ndikudzidziwa. Ndikanati ba sisi, zanu zinagula Amalume chabe, Mlamu ni wanga. Ndinali kusankha lamulo nditaona kale amene wapambana, ngati refu amene wabetcha. Komanso iwo sanasankhe Mlamu, sanamuonepo n'komwe ngati chinthu chawo. Anaona chobiriwira, ine ndinagula chobiriwiracho ndi ndalama zawo. Ndinatenga njira yachiwiri. K55 ija ndinaisiya, ikhale chindapusa changa.

M'mawa ndinauza broker kuti agulitse mashea 1,000 a Amalume pa K4.50. Ndinaganiza kuti pofika madzulo ndalama zidzakhala mu akaunti. Apa ndinaphunzira chinthu chimene tebulo silinandiuzepo: "mtengo wa lero" ndi mtengo umene munthu womaliza anagulira. Mwina anagula mashea 100 chabe, mwina dzana. Si lonjezo lakuti wina akudikira ako. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo pali masiku amene kampani ina sigulidwa ngakhale shea imodzi. Zili ngati salaula ya ba sisi: jekete ukhoza kuitchula K250 chifukwa inzake inapita pa K250 sabata yatha, koma mpaka wina atulutse ndalama, ili pa hang'ala.

Tsiku lachitatu anapezeka wogula mashea 400 pa K4.50. Otsalawo anakhala. Mvula inagwanso kawiri, amai anasamutsira matiresi ku sitingirumu, pa denga tinayala pulasitiki wakuda ndi kutsamiza njerwa. Ba sisi anali kuimba m'mawa uliwonse, ndipo mawu awo anayamba kufupika. Sabata yachiwiri broker anati pali wofuna 600 koma pa K4.30. Ndikanakhala ndekha ndikanadikira. Ndinati gulitsani.

Mashea 400 anabweretsa K1,800, mashea 600 anabweretsa K2,580. Zonse K4,380, kuchotsa K60 ya machaji, K4,320. Ndalamayo inatenganso masiku angapo a nchito kuti ifike. Ndinaonjezapo K150 imene ndinakongola kwa mnzanga wa ku studio. K4,470.

Polemba malondawo m'tebulo ndinakumana ndi kachinthu kena kodabwitsa. Mashea amene ndagulitsa ndi ati, a June kapena a February? Pa msika alibe chizindikiro, onse ndi ofanana. Ukati oyamba kulowa ndiwo oyamba kutuluka, monga amachitira amai a tomato pogulitsa wa dzulo asanatsegule bokosi la lero, ndiye ndinagulitsa a K3.00 ndipo phindu ndi K1,380. Ukatenga mtengo wapakati wa K3.50, phindu ndi K880. Ukati ndi aja a February a K4.00, phindu ndi K380. Ndalama m'manja ndi imodzimodzi, K4,380, koma phindu lili ndi nkhope zitatu. Ma app amasankha imodzi mwa njira izi mwakachetechete. Ngati muli nayo app yotere, fufuzani kuti yanu imatsata iti, musanayambe kutumiza ma screenshot kwa achibale.

Ndinapita kwa ba sisi pa Sondo atabwera ku tchalitchi. Ndinanyamula pepala lija, marisiti ndi ndalama mu envulopu. Ndinayamba ndi kabokosi ka K3.00. Anamvetsera, anatenga foni yawo, anawerengera okha 7,000 kugawa 2,000, anagwedeza mutu. Za K960 sanalimbane nazo konse. Munthu wogula mabelo amadziwa kuti mtengo wa belo la lero sufanana ndi wa mwezi watha.

Kenaka ndinakamba za dividendi.

"Inabwela liti?"

"Mu July, ba sisi."

"Manje ni November."

Sanakweze mawu. Anati kulakwitsa masamu ni kulakwitsa, aliyense amalakwitsa, koma ndalama ikalowa mu akaunti foni imalira, ndipo ine ndinaimva ikulira. Ndinafuna kunena kuti ndinaiwala, kuti munalibe kolamu. Ndinaona kuti zikanangoipitsa. K490 imene inasowa pa chiyembekezo chawo anaikhululuka m'mphindi zisanu. K150 imene inali mu envulopu, yathunthu, ndiyo inatenga masabata kuti tiyambenso kuseka bwino.

Njira yachitatu ija ndinawaonetsanso, ngakhale sanafunse. Anayang'ana K4,374, anandiyang'ana ine.

"So unaganizako."

"Ninaganizako."

"Chabwino wakamba."

Pa Mande tinapita ku hadiweya. Mitengo ya malata ndimaitsatira mwa chizolowezi cha nchito yakale. Mu February, lata la mtundu umene tinafuna linali K230 pa shopu imeneyo. K4,000 ikanagula malata 17. Tsiku limenelo linali K260. Ba sisi anagawa K4,470 ndi 260 pa foni, anandionetsa osanena kanthu. Malata 17.

Phindu lawo linali pafupifupi 12 peresenti m'miyezi 9, ndipo m'tebulo likanaoneka lobiriwira bwino. Koma m'miyezi yomaliza ya 2024 kukwera kwa mitengo m'dziko kunali kupitirira 15 peresenti pa chaka. Ndalama yawo inathamanga miyezi 9 n'kufika pamene inayambira. Ine ndinayesa kudzitonthoza kuti ikanakhala pansi pa matiresi ikanagula 15 chabe. Iwo anati ikanakhala pansi pa matiresi bwenzi atagula belo lina mu March n'kuligulitsa kawiri. Sindinapeze yankho, ndipo mpaka lero ndikuganiza kuti pa miyezi 9 imeneyo iwo ndiwo anali olondola. Mashea si malo oikapo ndalama imene denga lingaitane nthawi iliyonse. Ndinali kudziwa zimenezo mu February, koma ndinakondwa kwambiri kuti munthu wamkulu kwa ine wandikhulupirira.

Kalipentala anali atayeza kale. Denga linafuna malata 22. Asanu otsala ndi K1,300, osawerengera misomali. Ba sisi anati iwo gawo lawo achita. Amai ndi a tonse awiri.

Ndinali ndi mashea 1,000 a Amalume ndi 1,500 a Mlamu. Amalume sindinafune kuwakhudza. Mlamu ndinali kumusunga miyezi yonseyo ndi mawu amene anthu a mashea amakonda, akuti sunaluze mpaka utagulitsa. Mawuwo ndinawakambapo pa wailesi. Ndi oona theka chabe, pakuti K2.00 yanga inali itasanduka K1.60 kaya ndigulitse kaya ndisagulitse. Kusagulitsa kunali kungondipatsa mpata wosayang'ana.

Ndinauza broker agulitse 900. Wogula anapezeka patapita masiku asanu, pa K1.60. K1,440, kuchotsa K20, K1,420. Malata asanu ndi misomali.

Tebulo langa manje lili ndi makolamu 11. Kugula kulikonse kuli ndi mzere wakewake ndi tsiku lake. Muli machaji, muli dividendi, muli phindu la papepala ndi phindu logwirika, lililonse pa malo ake. Usiku umene kalipentala anakhoma lata lomaliza, ndinakhala pa khonde la amai ndi kulemba malonda a Mlamu: ngwee 40 pa mashea 900, K360, kuonjeza K25 ya machaji ogulira ndi K20 ogulitsira. K405. Kabokosi kanafiira. M'kolamu yomaliza, imene ndinaitcha Mwini, ndinalemba dzina langa.